Gadiyani wa a Overtone

Chaka chimene lamulo linasintha, kuti wantchito atha kusiya kampani n'kukalowa ina popanda kalata ya bwana, ine Twaibu ndinali m'gulu la oyamba kuthamanga. Ndinali nditatopa ndi kulondera magalimoto a eni pa dzuwa la Doha. Nditamva kuti kampani ina ikufuna alonda a pa chipatala, ndinati basi, nanenso ndikaime m'kati ngati munthu, m'khonde mokolopedwa bwino, mopanda fumbi. Anandiika panja. Pa khomo lenileni la odwala mwadzidzidzi, mwezi wa Disembala, pamene mphepo ya kuchipululu imalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Asakunamizeni kuti kuno kulibe chisanu. Chilipo, ndipo chimabwera ndi chifuwa. Nyengo imeneyo zipatala zimadzaza: chimfine, chibayo, ana a mphumu, madala a shuga amene chifuwa chawagwetsa. Chaka chimenecho pamwamba pa zonsezi panakhalanso korona. Ndiye akuluakulu a zaumoyo anakonza pulani ya nyengo yozizira, ndipo ngakhale ife alonda anatiitanira m'chipinda kuti tikaimve.

Kunena zoona, anthuwo anaikhalira pansi. Munthu wa tayi anationetsa zithunzi pa khoma. Matenti awiri panja, ina ya amuna otentha thupi, ina ya akazi. Mivi yomata pansi yoti wodwala azingoitsata. Mabedi owonjezera, masilinda a mpweya, mabasi otengera opezeka ndi korona kumalo awoawo kunja kwa mzinda. Odwala pang'ono abwezedwe kunyumba, azikamba ndi dokotala pa foni. Chilichonse chinali chowerengedwa, mpaka mipando ya pulasitiki. Koma pofika kwa ife, pulani yonseyo inafupika n'kukhala mawu awiri: wodwala yekha. Operekeza, ozonda, onyamula zakudya, onse athere pa chingwe chofiira chimene anachimanga patsogolo panga.

Pa khomopo ndinali ndi mnzanga Hamisi wa ku Mombasa. Iye ankagwira kamfuti koyezera kutentha pa chipumi, ine ndinkayang'ana mafoni ngati Ehteraz, pulogalamu ya boma yosonyeza za korona, ili yobiriwira, n'kumabweza osadwala. Anthu ankachuluka moti mzere unkafika ku msewu, ndipo m'kati machira ankandandalika m'makonde podikira bedi. Zikapanikiza, akuluakulu ankakhalanso pansi, m'mawa timapeza mivi ija aimatula n'kuimata kwina. Ife tinkangotsata. Kubweza anthu ndinkakutha ndithu. Ena ankalira, ena ankanditukwana m'zinenero zimene sindizimva, ndipo zimenezo sizipweteka. Sindinaganizeko kuti wondidwalitsa mutu achokera kwathu.

A Overtone anawabweretsa pa ambulansi m'mawa wina ndili pa ntchito. Anali bambo wachikulire wa ku Ntcheu, dalaivala wa basi yonyamula antchito, ndipo tinkakhala nyumba imodzi ku Al Asmakh, iwo chipinda cha pansi, ine cha m'mwamba. Aliyense wa ife amene anafika ku Doha ali mbuli anadyako nyemba za a Overtone ndi kumva malangizo awo, ofunika ndi osafunika omwe. Anawayeza, korona sanawapeze nayo. Chinali chibayo, chokumana ndi shuga wawo wa kale. Anawakweza ku wodi ya amuna, m'mwamba, mbali yoyang'ana koimika magalimoto.

Masana ake takisi inaima pa chingwe changa. Munatuluka chidebe. Kenako beseni, mkeka wopinda, bulangeti, fulasiko yaikulu, ndipo pomalizira mwini katundu, Eveless, mlongo wawo wa a Overtone, atamanga chitenje chachikasu pamwamba pa yunifomu. Ankakonza zipinda pa hotela ina ku Al Nasr. Nditangoona chidebecho ndinadziwiratu kuti tsiku langa lawonongeka.

"Achimwene Twaibu! Koma Mulungu ndi wabwino, ndi inu muli pa gate? Tandinyamulireni besenili. Ward yake ndi iti?"

"Achemwali, pepani. Ma-visitor sakuloledwa."

"Ine si visitor ayi. Ndine gadiyani."

"Kuno kulibe magadiyani. Mamnu, n'zoletsedwa. Ndi winter plan."

"Winter plan ndi ndani? Ndi m'bale wawo? Awasambitsa ndani? Akafuna kukhala tsonga awadzutsa ndani?"

"Manesi."

Anaseka mpaka masiki inatsika pa mphuno.

"Nesi kusambitsa alongo a eni ake? Achimwene, ine ndinadwazika amayi athu mpaka kuwaika m'manda. Dzinja lonse ndinagona pansi pa bedi. Ndikudziwa chimene chimachitika gadiyani akangotuluka kukachapa. Drip imatha, magazi n'kumabwerera m'chubu, nesi ali pa foni. Musandiuze za manesi."

Ndinamufotokozera modekha kuti kuno manesi alipo ambiri, pa bedi pali belu loti wodwala adine, chakudya chimabwera chitalembedwa dzina. Zonsezo ankangogwedezera mutu, monga timachitira ndi munthu woledzera.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ndinkamumvetsa. Kwathu ku Ntaja wodwala wopanda womudikirira timamuyang'ana ndi chisoni, n'kumanong'onezana kuti kodi abale ake anawalakwira chiyani. Eveless sankaopa chibayo. Ankaopa kuti alongo ake agone okha pakati pa alendo ngati munthu wotayidwa. Koma kumvetsa kwangako sikukanamasula chingwe.

Sanapite. Anayala mkeka pa kachipupa ka koimika magalimoto n'kukhala. Tsiku lililonse akaweruka ku hotela ankabwera, katundu yense ali m'manja, ngati kuti lamulo lafa usiku. Tsiku la ofu ankafika m'mamawa. Anayesa khomo la ambulansi. Anayesa khomo lotulutsira zochapa. Tsiku lina anatsata gulu la amayi okolopa, chidebe chili m'manja ngati mmodzi wa iwo, ndipo akanalowa ndithu pakanapanda chitenje chija. Nthawi zonse womubweza ndinali ine, chifukwa kapitawo wathu, munthu wa ku Egypt wosaseka, ankangondiloza ndi wailesi yake: "Twaibu, your sister again. Yalla, move her." Ndinkamusuntha. Iye ankakoka mkeka pang'ono n'kukhalanso.

"Phala lokha, achimwene," ankatero. "Mungowapititsira phala lokha. Ndathiramo nsinjiro."

"No outside food, achemwali. Ali ndi sugar, chakudya chawo amachita ku-measure."

"Ndiye imwani ndinu, popeza mwasanduka mwini chipatala."

Ndipo tinkamwadi ndi Hamisi, kuseri kwa kanyumba ka alonda, chifukwa kunkazizira ndipo phalalo linali labwino.

Nkhani inafika pa gulu la WhatsApp la Amalawi. Kumeneko anandiweruza asanandifunse. Ena anati Twaibu yunifomu yamulowa m'mutu. Wina anati tsiku limene ndidzadwale ine adzandisiya pa chingwe chomwecho. Anthu amene sanapondeko n'komwe pa chipatalapo ankandiphunzitsa mmene mlonda wanzeru amayang'anira kumbali. Ku nyumba ya ku Al Asmakh ndikalowa m'khitchini, macheza ankaduka, anthu n'kumavundula mapoto awo mwakhama ngati muli golide. Palibe amene ankakumbuka kuti pamwamba pa mutu wanga panali makamera, ndiponso kuti ntchitoyo ndinali nditangoiyamba.

Ku wodi ya a Overtone kunali nesi wina wa ku Tanzania, dzina lake Mwanaidi. Tinkalonjerana pa khomo, iye Chiswahili chake chosalala, ine changa chothyokathyoka cha pa msika. Tsiku lina potuluka anandifunsa ngati mayi wa chitenje chachikasu ndi m'bale wa madala a pa zenera. Ndinati eya. Anati madalawo chakudya chikabwera amachikankhira kumbali n'kudikira. Akangomuona mayiyo atakhala pa kachipupa paja, amakokera mbale pafupi n'kuyamba kudya, maso ali panja.

Ndinathamanga kukamuuza Eveless, ndikuganiza kuti ndapeza chomutonthoza.

"Mwamva? Akumadya akakuonani. Ntchito mukuigwira kale, achemwali. Ingokhalani pomwepa basi, khalas."

"Ndiye ndisangalale kuti akundionera pa glass ngati TV? Mapazi awo amazizira, inu, kuyambira kale. Nesi wanuyo akudziwa zimenezo?"

Ndinabwerera pa chingwe changa ndikukukuta mano.

Lachisanu lina anafika wopanda chidebe, wopanda mkeka. Anavala majekete awiri ndi chipewa cha ubweya, fulasiko yokha ili m'khwapa. Ndinayamba kusangalala, ndikuti mwina nzeru zabwerera. Kenako ndinamuona kuseri kwa galimoto ina, atathira madzi otentha m'botolo, akulikanikiza pa chipumi, atatsinzina ngati akupemphera. Atatha anathamangathamanga pomwepo kuti azipuma mobanika.

Ndinasiya mzere n'kumutsekereza asanafike kwa Hamisi.

"Achemwali, musayerekeze."

"Si munati olowa ndi odwala okha? Ndadwala."

"Simukudziwa zimene mukuchita. Line imeneyo siipita ku ward ayi."

"Ndikangodutsa gate, zinazo ndikaziona ndekha. Ndikafunsa ma-cleaner. Chipatala ndi chipatala, achimwene."

M'mutu mwake munali chipatala cha kwathu, kumene ukangodutsa mlonda wa pa geti ndiye kuti wafika. Umayenda m'makonde mmene ukufunira, n'kumasuzumira wodi ndi wodi mpaka utaona bulangeti la kwanu. Ndinayesa kumuuza za matenti ndi mivi, koma makutu anali atawasiya ku Al Muntazah kumene ankakhala.

Anandizemba, natsokomola chifuwa cha m'sewero, chachikulu moti a pa mzere anabalalika. Hamisi, wosadziwa kanthu, analoza kamfuti pa chipumi. Kanalira. Kakangolira kameneko mlonda alibenso mawu, munthuyo ndi wa manesi. Ndikanati ndifuule kuti akunama, nkhani ikanafika kwa kapitawo, mwina ku polisi, ndithu ku hotela kwake, ndipo akanakwera ndege ya kwawo alongo ake ali pa bedi. Ndinatseka pakamwa. Podutsa chingwe anatembenuka n'kundiyang'ana ngati wagoletsa chigoli.

Mivi ya pansi ija sinamutengere m'chipatala. Inamukhotetsa kumanzere, kuzungulira nyumba yonse, mpaka ku tenti ya akazi, kumapeto kwa mpanda, kumene ngakhale zenera la a Overtone silioneka. Kumeneko anamukhazika pa mpando wa pulasitiki, anamulowetsa kamtengo m'mphuno, n'kumuuza kuti asasunthe. Pa khomo la tentiyo panali mlonda wamkazi wosadziwa Chichewa ngakhale liwu limodzi, woti sungamutche achemwali.

Dzuwa litapendeka zotsatira zinabwera. Anamupeza nayo. Inde, korona yeniyeni, mwa munthu amene chifuwa chake chinali chopeka. Hotela yake ija inkasunga apaulendo obindikiritsidwa, ndipo iye ankawasinthira zofunda tsiku ndi tsiku. Kachilomboko ankangoyenda nako osamva kanthu. Foni yake inasanduka yofiira. Ku Al Muntazah ankagona chipinda chimodzi ndi anzake angapo, choncho kumubwezera kumeneko kunali kosatheka. Koma pulani inali itaganizira kale zimenezo. Panali basi.

Basiyo inadutsa pa khomo langa. Eveless anali pa zenera, akumenya galasi ndi chikhatho.

"Ndimanama ine! Achimwene Twaibu, auzeni kuti ndimanama! Sindikudwala!"

Ndinaima pamenepo manja ali lende. Ndinkafuna kumutukwana, ndinkafuna kuseka, ndipo misozi inalengeza m'maso chifukwa cha ukali. Pa kachipupa paja anali pafupi ndi alongo ake kuposa wina aliyense wa ife, ndiye wadzitengera yekha kuchipululu ndi botolo la madzi otentha. Ukaliwo unalibenso pogwera bwino, chifukwa akanalowa tsiku lija ndi okolopa aja, bwenzi atawapatsa alongo ake matendawo ndi manja ake omwe. Chingwe chimene anthu ankanditukwanira chinali chitagwira ntchito yake. Ine ndi Hamisi tinakumbuka phala lija, tinayang'anana, mawa lake tinakayezetsa. Tinapulumuka.

Pa kachipupa panalibenso munthu. Eveless anawaimbira a Overtone kuwauza kuti ku hotela amusinthira nthawi ya ntchito, koma madalawo anali ndi masiki ya mpweya kumaso, ankangomvera, ndipo sanali mwana woti n'kumunamiza. Mwanaidi anandiuza kuti mbale zikubwerera zodzaza. Chitenje chachikasu chija chinali chitatsala kuseri kwa galimoto pamodzi ndi fulasiko, Hamisi n'kuchitola. Ndinachichapa. Nthawi ya nkhomaliro ndinapita nacho pa kachipupa, mwamuna wamkulu wa ndevu, wa yunifomu, n'kumachikupiza m'mwamba ngati wozungulira mutu. Pa zenera panaoneka mutu wa imvi. Unandiyang'ana nthawi yaitali, kenako unabwerera m'kati. Kapitawo anandiona pa kamera, n'kundifunsa ngati nanenso ndikufuna kuonana ndi dokotala.

Sindikunena kuti a Overtone anafooka chifukwa cha Eveless. Mwanaidi anakana zimenezo, anati mapapo ndi shuga zinali zitapangana kale. Chimene ndikudziwa n'chakuti posapita nthawi anawasamutsira ku chipinda cha odwala mwakayakaya. Zovala zawo ndi foni anazimanga m'thumba n'kuziika kosungira katundu. Mwayi wake, pulani ija inkasunthanso manesi kupita kumene kwapanikiza, ndipo Mwanaidi anamutumiza ku chipinda chomwecho. Eveless tsopano ankaimbira ine, m'mawa, masana, madzulo, ngakhale ndili pakati pa mzere.

"Ali ndi ndani?"

"Ali ndi manesi, achemwali. Inuyo mukupeza bwanji?"

"Ine ndili bwinobwino, ndikungodya mpunga wa boma. Ndawauza andi-teste kachikena, akuti mafi, sizitheka, ndidikire masiku anga akwane. Ali ndi ndani, ndikufunsa?"

Masana ena Mwanaidi anatsika yekha, akuyenda mofulumira, nafika pa chingwe. Anandifunsa kuti mayi uja ali kuti, dokotala walola kuti alowe. Ndinaganiza kuti Chiswahili changa chandinamiza. Anabwereza m'Chingerezi. Pulani ija, anatero, ili ndi gawo lakuti wodwala akafika poipa, m'bale mmodzi amaloledwa kulowa atavala zodzitetezera, bola foni yake ikhale yobiriwira.

Ndinapita kwa kapitawo mutu ukuwira. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanatiuzire zimenezi, mayi uja atakhala pa mphepo masiku onse aja. Anakweza mapewa. "That page is for doctors, not security." Anthu anawerenga mipando ya pulasitiki, koma kuti wa pa khomo adziwe chouza wokhala panja, zimenezo sizinali pa chithunzi chilichonse. Komabe ndikamaganiza, ndikanamuuza chiyani Eveless? Kuti dikirani, achemwali, adzakulolani akamatsirizika? Mwina botolo lija akanalitenthetsabe.

Ndinamuuza kapitawo kuti ndilowa ine.

"Family only."

"He is my brother."

Anandiyang'ana, nayang'ana kamera, kenako anaima yekha pa malo anga. "Yalla. Quick."

Anandiveka chipulasitiki kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Overtone anali atachepa. Munthu amene ankadzaza khomo la chipinda chake anali ngati mwana pakati pa machubu ndi makina olira. Maso anali otseguka pang'ono, osayang'ana kanthu. Ndinaimba vidiyo n'kuika foni pafupi ndi nkhope yawo.

Ndinkayembekezera kulira. Eveless sanalire. Anayang'ana kamodzi, nayamba ntchito.

"Alongo, ndine Eveless. Ndabwera." Kenako kwa ine: "A Twaibu, milomo yawo yauma. Pemphani thonje ndi madzi. Osathira, kungopaka. Eya, choncho. Pilo watsika, khosi lapindika, simukuona? Kwezani shway shway, osawadzidzimutsa. Tsopano pitani kumapazi."

Mapazi anali ozizira ngati botolo la mu filiji. Ndinawagwira ndi magolovesi anga n'kumawatikita monga ankandiuzira, kuyambira ku chidendene kupita ku zala. Mwanaidi anabweretsa bulangeti lina osauzidwa. Eveless anayamba kuwauza a Overtone za kumudzi, kuti mvula yagwa bwino ku Ntcheu, chimanga chafika m'chiuno, denga la nyumba yawo aja analikonza silikudonthanso. Anawakalipirako pang'ono chifukwa chosiya kudya. Chala chawo chimodzi chinagwedezeka pa chofunda.

Ndiye Mwanaidi anandigwira pa phewa. Nthawi inali itatha. Panja panali m'bale wa wodwala wina amene ankadikira kulowa.

"Achemwali, akuti time yatha."

"Musachokepo."

"Si ine, ndi lamulo. Ndiyenera kubwerera pa duty."

"Achimwene Twaibu, ndakuvutitsani, ndikudziwa. Mudzanditukwane mmene mungafunire ndikatuluka kuno. Koma musawasiye okha. Chonde, musachokepo."

Apo ndiye analira. Ndinayang'ana Mwanaidi, iye anayang'ana foni. Kenako anatenga kathumba ka pulasitiki, anaikamo foniyo, naitsamiritsa pa pilo, pafupi ndi khutu la a Overtone. Anatulutsa chaja yake m'thumba n'kuilumikiza ku khoma, kuseri kwa makina.

"Ine ndikutuluka, achemwali," ndinatero, "koma inu mutsala pompano. Yankhulani nawo."

Nditaweruka ndi pamene ndinakumbuka kuti ku Doha ya masiku amenewo munthu wopanda foni sanali munthu, chifukwa pa khomo lililonse ankafuna kuona Ehteraz. Ku sitima anandibweza. Pa basi anandibweza. Ngakhale pa sitolo yomwe ndinkafuna kugulamo buledi, mlonda mnzanga anandiimika pa chingwe chake, ndipo sindinakangane naye. Ndinayenda wapansi mpaka ku Al Asmakh, mphepo ikundimenya kumaso, ndikukalipira aliyense mumtima: Eveless ndi nkhani zake, munthu wa tayi ndi zithunzi zake, oweruza a pa WhatsApp, ndi ine ndemwe amene ndinasiya kulondera magalimoto, zinthu zosadwala.

M'mawa ndinapeza Mwanaidi akundidikira pa khomo, maso ali psuu. Anali atagwira ntchito usiku wonse chifukwa manesi anachepa. Anandipatsa foni, itapukutidwa bwino, ikutenthabe. A Overtone anali atatisiya m'bandakucha. Anati mayi uja sanadule foni. Anayankhula, anaimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo mawu atamuthera ankangobwereza timawu tomwetomweto. Mwanaidi sankadziwa Chichewa, koma anali atatimva kambiri moti ananditchulira: ndili pano, ndili pano.

Foniyo inalira ili m'manja mwanga. Anali Eveless.

"Achimwene." Mawu ake anali atasasa. "Ndawauza kumudzi. Amalume akufunsa kuti anafera m'manja mwa ndani. Anawatseka maso ndani?"

Ndinamufunsa Mwanaidi. Anati ndi iye. Anawatseka maso, anawamanga chibwano ndi bandeji, anawawongola miyendo asanaitane onyamula, monga amachitira kwawo.

Ndinamuuza Eveless. 

"Dzina lake ndani?"

"Mwanaidi."

"Nenaninso pang'onopang'ono. Adzandifunsa pa maliro, ndisakalakwitse."

Ndinanenanso, iye n'kubwereza, ndinanenanso, mpaka analitchula bwino. Mwini dzina anali ataima pomwepo, chikwama chili pa phewa, akudikira basi yake.